Kuyendetsa Lamborghini kapena Ferrari koyamba pa bwalo la mpikisano: mmene mungachitire kuti ndalama zanu zisapite padera

Vuto limene ndimaliona mobwerezabwereza ndi ili. Munthu walipira ndalama zake zambiri, kapena apabanja pake amugulira vocha pa tsiku lake lobadwa kuti akalaweko Lamborghini kapena Ferrari, wafika pa bwalo, amupatsa maraundi 3 kapena 4 basi, nde akamatuluka m'galimotomo sakudziwa nkomwe chimene chachitika. Raundi yoyamba yathera kufunafuna giya, yachiwiri yathera mantha, yachitatu mtima ukuti uyambe kukhazikika mphunzitsi akuti tiyeni tizilowa nthawi yakwana. Ena amafika ndi phuma, kona yoyamba yomwe aponda moto mpaka pansi, mphunzitsi nkusiya kuwakhulupirira, maraundi otsalawo nkumawayendetsa ngati ali pa mdipiti wa ukwati.

Ine ndimakhala ku Joni kuno, ndayendetsako magalimoto amenewa kangapo pa mabwalo a mpikisano komanso ndaperekezako anzanga ochokera kumudzi pa ulendo wawo woyamba, ndipo zimandiwawa ndikaona munthu wataya mwayi umene mwina sadzaupezanso. Tonse timapita ndi mtima wokaponda moto, pomwe galimoto yotere imaphunziridwa pa buleki ndi pa maso. Kuponda moto ndi mwana yemwe angathe.

Ka Vitz kapena ka Passo ka 1.0 kamene ambirife tinaphunzirira kali ndi mahosipawa cha m'ma 70. Lamborghini Huracán LP 610-4 ili ndi 610, ndipo imachoka poima kufika 100 km pa ola m'masekondi 3.2. Phazi lanu ndi lomwe lija, koma chimene likulamulacho ndi china.

## Zofunika kukhala nazo

- Layisensi yeniyeni m'manja, osati chithunzi cha pa foni. Ya ku Malawi ya khadi ija kuno ku South Africa imagwira poti ili m'Chingerezi komanso ili ndi chithunzi, koma ku Italy amafuna International Driving Permit, chilolezo choyendetsera galimoto m'maiko ena, pamwamba pake. Makampani ena amaikanso malire a zaka, a msinkhu ndi a kulemera, funsani musanalipire.
- Pasipoti kapena ID, ndi khadi la ku banki lokhala ndi ndalama ya dipoziti.
- Nsapato zotseka, zopyapyala kunsi, zosatambalala. Patapata, majombo a kuntchito ndi zazidendene ayi, mapedulo ake ndi oyandikana kwambiri, nsapato yotambalala imaponda awiri nthawi imodzi.
- Thalauza lalitali ndi malaya omasuka m'mapewa, mabwalo ena amafuna a manja aatali.
- Helemeti nthawi zambiri amapereka okha, koma tsimikizani.
- Magalasi a maso ngati mumavala, ndi a dzuwa.
- Botolo la madzi.
- Mnzanu woti azikujambulani ali panja, kuti inuyo foni muyiiwale.

## 1. Sankhani bwalo, osati msewu

Pali njira ziwiri, ina amakupatsani galimoto muyende pa msewu wamba mphunzitsi ali pambali, ina ndi pa bwalo lotseka. Ku Maranello ku Italy, kwawo kwa Ferrari, kuli timakampani tobwereketsa Ferrari kwa mphindi zingapo pa msewu, nzosangalatsa inde koma msewu uli ndi malamulo ake. Kuno pa freeway malire ndi 120, ku UK ndi mamailosi 70 pa ola, pomwe galimoto izi zimakwana 100 zikadali pa giya 2, nde pa msewu mungomva phokoso lokha, ndipo mukati muyese zenizeni mukuika pangozi anthu osalakwa.

Mabwalo alipo. Zwartkops ili kufupi ndi Centurion, raundi yake ndi makilomita 2.4. Kyalami ili ku Midrand, makilomita 4.5, kumene Formula 1 inathamangako komaliza mu 1993. Ku Cape Town kuli Killarney, a ku UK muli ndi Silverstone, Thruxton ndi Brands Hatch. Kwa munthu woyamba ine ndimati bwalo lalifupi ndiye labwino, makona ake ndi ochepa, mumawaloweza msanga.

Chenjezo: otsatsa amakonda kunena kuti magalimoto 3, maraundi awiri awiri, ndipo zimakopa. Musatenge imeneyo pa ulendo woyamba. Galimoto iliyonse imafuna raundi imodzi kapena ziwiri zoti mungoizolowera, nde mukamasinthasintha mumakhala mlendo tsiku lonse. Tengani imodzi ndi maraundi onse amene thumba lingathe. Funsaninso kuti raundi imodzi ndi yaitali bwanji, chifukwa maraundi 4 pa kabwalo ka kilomita imodzi amatha musanapume.

Bukani nthawi ya m'mawa. Kuno ku Gauteng kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula yamabingu imakonda kubwera masana. Mu Juni ndi Julayi m'mamawa phula limakhala lozizira kwambiri matayala sagwira bwino, cha m'ma 10 kapena 11 koloko ndiye bho.

## 2. Sankhani galimoto yoti ikuthandizeni

Akakupatsani mwayi wosankha, musasankhe chifukwa cha mtundu wa penti. Huracán LP 610-4 ili ndi injini ya V10 ya malita 5.2 yopanda turbo ndipo imakoka ndi matayala onse anayi, mphamvu yake imakwera pang'onopang'ono mogwirizana ndi phazi lanu, imakhululuka. Dziwani kuti ma Huracán ena ngati LP 580-2 amakoka ndi akumbuyo okha, nde funsani kuti ndi iti. Ferrari 488 GTB ndi V8 ya malita 3.9 ya ma turbo awiri, mahosipawa 670, onsewo amapita kumatayala akumbuyo ndipo mphamvu yake imafika msanga mwakamodzi, imafuna phazi laulemu. Porsche 911 GT3 injini yake ili kumbuyo kwenikweni, ya malita 4.0, imalira mpaka 9,000 rpm, ndipo mwa zonsezi ndi imene mumaona kunja bwino. McLaren 720S ndi chilombo china, mahosipawa 720, ine sindingamuyambitsire munthu pamenepo.

Kanthu kena ka kuno: Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, nde injini yopanda turbo imataya mphamvu cha m'ma 17 peresenti poyerekeza ndi ku Cape Town. Ya turbo siitaya zambiri choncho. Ndiye Ferrari ya turbo pa Zwartkops musaiderere.

## 3. Werengani fomu musanasaine

Apa anthu amangosaina mtima uli kugalimoto. Inshuwalansi yanu ya masiku onse siigwira ntchito pa bwalo la mpikisano. Funsani mafunso awa momveka bwino: ndikawononga ndilipira zingati kuchokera m'thumba mwanga, kodi pali ndalama yowonjezera imene ndingalipire lero kuti chiwerengero chimenecho chitsike, ndipo mvula ikagwa mudzandipatsa tsiku lina kapena ndalama yapita. Ngati ndalama yowonjezerayo ilipo lipirani, bampa yakutsogolo yokha ya magalimoto awa ikhoza kudula kuposa galimoto imene mwabwera nayo.

Musanakwere zungulirani galimotoyo ndi mphunzitsi, paliponse pamene pakalika kale, makamaka ma rimu ndi kunsi kwa bampa, muwasonyeze ndipo mnzanu uja ajambule.

## 4. Dzulo lake ndi m'mawa wake

Gonani mokwanira, mowa ayi ngakhale umodzi, malo ena amapima mpweya pa geti. Idyani zopepuka, nsima yambiri ndi makona othamanga sizigwirizana. Pitani pa YouTube musake dzina la bwalolo ndi mawu akuti onboard lap, ndiye kuti vidiyo ya raundi yojambulidwa m'kati mwa galimoto, muonere kangapo mpaka mudziwe kuti kona yotsatira ikupita kumanja kapena kumanzere, zimenezi zokha zimakupulumutsirani raundi yathunthu. Fikani msanga, munthu wofika mochedwa amakwera galimoto mtima uli kale m'mwamba.

## 5. Mvetserani malangizo a pa bwalo

Asanakupatseni galimoto amakuikani m'chipinda nkukufotokozerani malamulo. Foni m'thumba. Mbendera zake ndi izi: yachikasu ndiye kuti kutsogolo kuli vuto, chepetsani liwiro ndipo musapitirire aliyense. Yofiira zonse zaima, bwererani pang'onopang'ono ku ma pit, malo a m'mbali mwa bwalo amene magalimoto amanyamukira ndi kuimirako. Yabuluu kumbuyo kwanu kuli wothamanga kuposa inu. Yakuda akuitana inuyo kuti mulowe. Ya mizere yachikasu ndi yofiira phula likuterera, mwina pagwa oyilo. Ya timabokosi takuda ndi toyera nthawi yatha.

Pa makona ambiri amaikapo makoni, timapulasitiki tosongoka tija timene amaika pa msewu, ina yosonyeza poyambira buleki, ina pokhotera, ina pa apex, pamene galimoto imayandikira kwambiri mkati mwa kona. Funsani kuti koni ya mtundu uti ikutanthauza chani. Mugwirizanenso ndi mphunzitsi za zizindikiro za manja, chifukwa V10 ikamalira kuseri kwa mutu wanu mutavala helemeti mawu samveka bwino. Ndipo muwauze zoona, kuti aka nkoyamba, ndimayendetsa otomatiki, ndili ndi mantha pang'ono. Munthu wonena zoona amamuphunzitsa bwino kuposa wodzitama.

Akakupatsani mwayi wa raundi yoti iwo ayendetse inu mutakhala pambali, musakane. Musamayang'ane sipidomita, muziyang'ana pamene akuyambira buleki ndi mmene akuipondera.

## 6. Kulowa ndi kukhala

Huracán kutalika kwake kuchoka pansi kufika padenga ndi mamita 1.17 okha, sifika nkomwe pachifuwa. Polowa yambani ndi matako, khalani kaye pa mpando, kenako lowetsani miyendo umodzi umodzi, mutu mutaweramitsa. Musagwirire chitseko kapena chiwongolero ngati chokokera. Chotsani makiyi, chikwama ndi foni m'matumba.

Tsopano apa musathamange, ngakhale ena akudikira. Ambirife tinazolowera kukhala chogona, mpando uli kutali, dzanja limodzi pamwamba pa chiwongolero. Apa sizitheka.

- Pondani buleki mwamphamvu mpaka pansi, bondo likhalebe lopindika pang'ono. Likawongoka mpando uli kutali.
- Msana wa mpando uimirire, mapewa agunde mpando.
- Tambasulani dzanja, pamene mumavala wotchi pakhale pamwamba pa chiwongolero mapewa asanachoke pa mpando. Ngati sipakufika kokerani chiwongolero kwa inu.
- Manja agwire pa 9 koloko ndi pa 3 koloko, ndipo asachokepo.
- Pakati pa helemeti ndi denga pakhale kampata.
- Lamba akhale wothina.

Chenjezo: mapedulo a magalimoto awa amakhala opendekera chapakati chifukwa tayala lakutsogolo limadya malo a miyendo. Injini isanalire yang'anani pansi, sunthani phazi kuchoka pa moto kupita pa buleki kangapo mpaka lizolowere. Phazi lamanzere likhale pa popumira pake, lilibe ntchito, zonse ndi lamanja.

## 7. Dziwani mabatani galimoto isanasunthe

Mu Ferrari ndi Lamborghini izi mulibe ndodo ya giya, mulibe kilatchi. Magiya ali pa ma paddle awiri, tizogwirira tokoka ndi zala kuseri kwa chiwongolero, lamanja kukweza, lamanzere kutsitsa. Kuti munyamuke mumaponda buleki nkukoka lamanja kamodzi, giya 1 yalowa. Mukakoka onse awiri pamodzi mu Ferrari kapena Lamborghini ndiye kuti nyutulo. Mu ziwirizi ma paddle sazungulira ndi chiwongolero, amakhala pomwepo, pomwe mu Porsche ndi McLaren amazungulira nacho.

Mu Huracán batani lolizira injini lili pakati, pansi pa kachivindikiro kofiira kamene mumakatukula, rivesi ndi kachogwirira kamene mumakokera m'mwamba. Mu Ferrari batani lofiira lolizira lili pa chiwongolero pomwepo, ma indiketa nawonso ali pa chiwongolero. Porsche imalizidwira mbali ya kuchitseko.

Kenako pali kosinthira khalidwe la galimoto. Ka Ferrari amakatcha manettino, mu 488 kali ndi Wet, Sport, Race, CT Off ndi ESC Off. Ka Huracán kali kunsi kwa chiwongolero, Strada, Sport ndi Corsa. Kasiyeni pamene mphunzitsi wakaika. CT Off ndi ESC Off zimazimitsa makompyuta amene amagwira galimoto ikayamba kuterereka, ndipo makompyuta amenewo ndi amene akukusungani pa phula, chonde musawakhudze.

Langizo langa: raundi yoyamba, olo ziwiri, isiyeni pa otomatiki. Mutu wanu uli kale ndi zambiri zoti uganize. Magiya mudzayamba kusintha mukadziwa njira.

## 8. Raundi yoyamba ndi yotenthetsa

Mu pit lane, kamsewu kolowera ndi kutulukira ku ma pit, muli malire a liwiro, atsateni, ndipo potuluka musadutse mzere woyera umene umakulekanitsani ndi amene akubwera ndi liwiro. Matayala a magalimoto awa, ngati Pirelli P Zero kapena Michelin Pilot Sport Cup 2, amagwira bwino akatentha, akazizira amaterera kuposa mmene mungaganizire. Mabuleki a carbon ceramic nawo akazizira pena amalira kwiii, sikuti awonongeka. Nde raundi imeneyi yendani ndi theka la mphamvu, muone makoni, mumve mmene chiwongolero chikuyankhira, chifukwa nchachangu, kukhotetsa pang'ono galimoto yakhota kale. Gwirani mofewa ngati mwanyamula dzira. Ndipo muzipuma, anthu ambiri amaumitsa mpweya osadziwa, mapewa nkuuma, manja nkuyamba kugwedeza galimoto.

## 9. Buleki

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pa msewu tinaphunzira kuponda buleki mofewa poyamba nkumawonjezera tikamayandikira poima, kuti apaulendo asagundane mitu. Pa bwalo ndi mosemphanitsa. Mumaponda mwamphamvu poyamba pomwe, galimoto ikadali yowongoka, kenako nkumamasula pang'onopang'ono mukamayandikira pokhotera. Mwamphamvu ndikutanthauza mphamvu imene simunaiponderepo buleki chibadwire, koma osati kumenya ngati mukupha njoka, phazi lifike kaye pa pedulo kenako likanikize msanga ndi mwendo wonse.

Chifukwa chake nchiyani? Pa 200 km pa ola mukudutsa mamita 55 pa sekondi iliyonse, bwalo la mpira lonse m'masekondi awiri. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Galimoto izi kuchoka pa 100 zimaima m'mamita osakwana 35, nde kuchoka pa 200 ndi kupitirira mamita 120. Mukaponda mofewa pa sekondi yoyamba ija mwataya mamita ambiri pamene liwiro linali lalikulu, ndipo mudzawafuna kumapeto kona itafika kale.

Ine tsiku langa loyamba ndinkayamba buleki kutali, mofewa, nkumafika pa kona liwiro litatha kalekale. Mphunzitsi anandiuza kuti dikirani koni, ndikakweza dzanja pondani ndi mphamvu zanu zonse. Nditachita, lamba anandigwira pachifuwa, helemeti inalemera kutsogolo, galimoto inachepetsa liwiro mwa njira imene sindinkadziwa kuti chitsulo chingathe, ndipo ndinatsala ndi malo ambiri kona isanafike. Mantha anga anathera pamenepo. Mukangodziwa kuti galimoto ikhoza kuima, phazi lanu limamasuka lokha pa moto.

Nde pemphani mphunzitsi kuti pa raundi yachiwiri, pa msewu wowongoka kumbuyo kulibe munthu, akuloleni muyese buleki yamphamvu kamodzi.

Chenjezo loyamba: mukamva pedulo ikunjenjemera kunsi kwa phazi, imeneyo ndi ABS, yoletsa matayala kumangika pa buleki, ikugwira ntchito. Musachotse phazi, pitirizani kukanikiza.

Chenjezo lachiwiri: musachotse phazi pa buleki mwadzidzidzi. Mukamaponda buleki kulemera kwa galimoto kumapita kutsogolo nkukanikiza matayala akutsogolo pa phula, ndiwo amene akukhotetsani. Mukamasula mwakamodzi mphuno imadzuka, matayala aja nkupepuka pa nthawi yomwe mukuwafuna.

Chenjezo lachitatu: magiya tsitsani muli pa buleki galimoto ili yowongoka, osati pakati pa kona.

## 10. Maso ndi kona

Galimoto imapita kumene mukuyang'ana. Mukayang'ana khoma la matayala chifukwa mukuliopa, manja anu adzakutengerani komweko. Aliyense amene anaphunzira njinga akudziwa, ukayang'anitsitsa mtengo umaugunda.

Nde maso azikhala patsogolo pa galimoto ndi sitepe imodzi. Mukadali pa buleki yang'anani kale koni yokhotera. Mukayamba kukhota maso ali pa apex. Musanafike pa apex maso apita kale kotulukira, pena mpaka kuyang'anira pa windo la m'mbali. Tembenuzani mutu wonse, helemeti imatchinga m'mbali.

Njira yake ndi kunja, mkati, kunja. Kona ya kumanja mumaiyambira kumanzere kwenikweni kwa phula, nkudula kupita mkati pa apex, nkulola galimoto ibwerere kumanzere potuluka. Phula lonselo ndi lanu, kulibe minibasi ikubwera kutsogolo, koma thupi limakana chifukwa linazolowera kukhala mbali yake, nde muzidzikumbutsa.

Chenjezo: pafupifupi aliyense woyamba amakhota msanga. Maso akaona kona manja amafuna kulowa pompo, nde mumafika mkati mofulumira, potuluka phula nkukutherani. Dikirani koni. Kulowa mochedwa pang'ono komanso mofatsa nkotetezeka kuposa kulowa msanga ndi liwiro. Chiwongolero chikhotetseni kamodzi mosalala, osati modukizadukiza.

## 11. Tsopano pondani moto

Ganizani ngati pali chingwe chomangirira chala chanu chakuphazi ku chiwongolero. Chiwongolero chikakhota chingwe chakoka phazi m'mwamba, chikamawongoka phazi likutsika. Ndiye kuti pa apex mumayamba kukhudza moto pang'ono, nkumawonjezera mmene manja akuwongokera, ndipo mpaka pansi ndi pokhapokha chiwongolero chawongokeratu. Tayala lili ndi mphamvu yogwira imodzi yokha, mukaigwiritsa yonse pokhota siitsala yothamangira.

Mukawongoka, mphunzitsi akavomera, pondani mpaka pansi ndithu, mwalipira zimenezo. Mutu udzakankhidwira kumbuyo, m'mimba mudzamva ngati mwatsika chitunda mwadzidzidzi, nzabwinobwino. Ngati mukusintha nokha magiya musachotse phazi pa moto, ingokokani paddle lamanja, ma Ferrari ambiri ali ndi timagetsi pamwamba pa chiwongolero tokuuzani nthawi. Sipidomita musayang'ane, sekondi imene maso ali pansi ija mamita 55 apita ndipo koni ya buleki ikubwera. Liwiro lanu mudzalionera pa vidiyo.

Launch control, imene imanyamutsa galimoto poima ndi mphamvu zake zonse, iwalani pokhapokha eni ake atanena okha.

## 12. Zikavuta

Mukaona kuti mwalowa kona ndi liwiro lambiri ndipo mphuno ikukana kukhota, musawonjezere kukhotetsa, chepetsani moto mofatsa muyang'ane kumene mukufuna kupita. Kumbuyo kukayamba kutsetsereka musachotse phazi mwadzidzidzi, galimoto za injini yapakati kapena yakumbuyo zimazungulira msanga mukatero, bwezani phazi pang'onopang'ono, makompyuta aja akuthandizani. Matayala awiri akatuluka pa phula musakokere galimoto mwamphamvu kuti ibwerere, wongolani, chepetsani liwiro, mubwerere mofatsa. Ikazunguliratu pondani buleki mpaka pansi musachotse mpaka itaima, khalani momwemo lamba ali pathupi, mudikire mawu a mphunzitsi kapena oyang'anira bwalo.

Wothamanga akakupezani kumbuyo musasinthe njira mwadzidzidzi. Magalasi amayang'ana mphunzitsi, akuuzani mbali yoti mupatukire pa msewu wowongoka.

## 13. Kuziziritsa ndi kutuluka

Raundi yomaliza ndi yoziziritsa mabuleki ndi injini, yendani mofatsa osaponda buleki kwambiri kuti mphepo ipite m'mawilo. Liwiro la 60 lidzaoneka ngati mukuyenda pansi, nde mu pit lane apa ndiye yang'anani sipidomita. Mukaima musakhalitse phazi pa buleki ndipo musakoke handibuleki pokhapokha atakuuzani, mabuleki otentha amatha kumatirira. Musazimitse injini musanauzidwe. Potuluka samalani ekizozi ndi mawilo, zimaotcha.

Funsani mphunzitsi chinthu chimodzi chimene mungakonze ulendo wina, akadakumbukira. Kenako khalani pansi mumwe madzi kwa mphindi 20 kapena 30 musanakwere galimoto yanu. Izi ndikunena motsindika, thupi limakhala likadali pa liwiro la pa bwalo, mukalowa N1 kapena N14 mudzapezeka muli pa 150 mukuona ngati 90, ndipo buleki ya galimoto yanu si ija mwangoisiya.

## Ngati mukuyesa pa msewu kwa ogulitsa

Zambiri ndi zomwezi, kuwonjezapo mahampu ndi polowera pa mageti. Mphuno yake ili pansi kwambiri, ambiri ali ndi batani lokweza kutsogolo ndi masentimita 4 kapena kuposerapo pang'ono, lipezeni musananyamuke, ndipo hampu muziikwera chopingasa pang'ono, mwakachetechete. Huracán mulifupi mwake ndi mamita 1.92 osawerengera magalasi, kumbuyo nkotambalala kuposa kumene mwakhala, nde pokhota patsani malo ma rimu akumbuyo. Siyani pa Strada kapena Wet, zimitsani wailesi mumvetsere galimoto.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kupikisana ndi mnzako. Mwabwera awiri, wina wanena kuti ine ndafika 220, nde winayo akulowa ndi mtima wofuna kuposa. Ngozi zambiri zimene ndaziona ine pa masiku otere zimayambira pamenepa, pa raundi yomaliza munthu akufuna atsimikize kanthu.

Kutsutsana ndi mphunzitsi. Zaka 20 zoyendetsa pa M1 kuchoka Lilongwe kupita Blantyre ndi luso ndithu, koma ndi luso lina. Iwo aja bwalo limenelo amalizungulira tsiku ndi tsiku. Akati buleki pondani nthawi yomweyo, mafunso mukafunsa mutaima.

Kuyandama pakati. Osaponda moto, osaponda buleki, galimoto ikungoyenda yokha mtunda wautali kona isanafike. Kumachokera ku mantha, ndipo mankhwala ake ndi sitepe 9.

Kusuntha manja pa chiwongolero. Kupalasa chiwongolero ngati mukupaka galimoto pa msika kumakusokonezani kuti matayala aloza kuti. Makona ambiri a pa bwalo safuna kuti manja achoke pa 9 ndi 3.

Kuponda moto pakati pa kona chifukwa phokoso lakoma. Makamaka mu Ferrari ya turbo, komanso phula likanyowa. Pa mvula mizere yopentedwa ndi timiyala ta m'mphepete tofiira ndi toyera timaterera ngati sopo, tipeweni.

Kamera. Kuyang'ana kamera ya m'galimoto, kukweza dzanja kwa abale ali ku mpanda, kapena kubisa foni pa ntchafu kuti mujambule sipidomita. Akakugwirani ndi foni akhoza kukutulutsani pompo osakubwezerani ndalama.

Kubisa kuti simukumva bwino. Helemeti, kutentha ndi makona zimatha kubweretsa chizungulire kapena nseru. Nenani msanga, mphunzitsi akulowetsani ku ma pit mupume, ndipo malo ena amakulolani kumaliza maraundi otsalawo mukatsitsimuka.